Funsani Dokotala: Ndinathira mafuta a mabuleki pabala, chala chatupa

Adokotala, ndine kalipentala, ndimagwirira ntchito kuseri kwa nyumba yanga ku Ndirande. Tchizulo chinaphonya thabwa n'kundibaya patsinde pa chala chamkombaphala. Ndinathirapo mafuta a mabuleki monga timachitira tonse, kenako ufa wa m'kapisozi. Lero ndi tsiku lachisanu chivulalireni, chala chatupa, usiku sindikugona. Ndigule mankhwala ati amphamvu? Nanga magolovesi abwino ndi ati? Mayi akunyumba akuti zonsezi n'chifukwa chogwira ntchito manja ali pamtunda.

Bambo, mwafunsa za mankhwala ndi magolovesi, koma funso limene mwalibisa ndaliona. Mukuopa kuti mukafika kuchipatala akadula chalacho, mipando ya eni ake n'kutsala yosamaliza pomwe ndalama munalandira kale. Dziwani kuti kudula chala si ntchito imene timaithamangira. Zala zimene zimadulidwa nthawi zambiri ndi zija eni ake anakhala nazo kunyumba mpaka zitaonongeka. Masiku asanu achuluka kale, musawonjezere lachisanu ndi chimodzi.

Yesani izi muli pomwepo. Ngati chala chatupa chonse ngati soseji, chikukhala chopindika pang'ono, ndipo mukayesa kuchiwongola ululu ukulasa mpaka m'chikhatho, ndiye kuti mafinya alowa m'kanjira momwe mumadutsa mtsempha wopinda chala. Kanjirako n'kopapatiza, mafinya alibe kothawira, ndipo m'masiku ochepa mtsemphawo umaonongeka, chala n'kuuma mpaka kalekale. Palibe kapisozi wa pagolosale amene angatulutse mafinyawo. Pamafunika kutsegula, kutsuka, ndi mankhwala oyenera, mwina a m'diripi. Mukaona mzere wofiira ukukwera pamkono, mwanabere m'khwapa, kapena thupi likutentha, pitani kuchipatala ngakhale ndi usiku. Ngati pachalapo pali mphete, ivuleni pompano.

Tsono za mafuta a mabulekiwa. Ndaziona kwa amakaniko, owotcherera zitsulo ndi akalipentala, onse mawu ake amodzimodzi: “amaumitsa bala.” Inde, amalasa, bala n'kuoneka louma. Koma kulasako si chizindikiro choti tizilombo tikufa. Ndi mnofu wanu womwe ukupsa. Mafutawo anapangidwira kukankha mabuleki a galimoto, ndipo inu mukudziwa zimene amachita akadonthera pa penti. Chinthu chosupula penti mukuchithira pamnofu? Pamwamba pamauma nkhanambo, fumbi la matabwa ndi dothi n'kutsekeredwa mkati, pamalo opanda mpweya. Malo oterewo ndiwo amakondedwa ndi tizilombo ta kafumbata, timene timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, osati m'dzimbiri mokha monga ambiri amaganizira. Petulo, oyilo ndi madzi a m'batire n'chimodzimodzi. Ufa wa m'kapisozi nawonso ndi womwa, pabala umangosanduka phala lotseka mafinya. Chimene bala latsopano limafuna n'chotchipa kwambiri moti anthu sachikhulupirira: madzi oyera ambiri oyenderera ndi sopo kwa mphindi zingapo, kansalu koyera kopanikiza kuti magazi aleke, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, bala likadali lotheka kusoka.

Mukakafika, musakachite manyazi. Mukanene zonse zimene munathira ndi mankhwala amene munamwa, mutenge ndi mapaketi ake omwe. Mukafunse za katemera wa kafumbata. Amayi amabayidwa kusikelo akakhala oyembekezera, koma abambo ambiri anabayidwa komaliza ali kumsana kwa amayi awo. Pa bala lakuya ngati lanuli, ngati padutsa zaka zoposa 5 chibayidwireni, mumafunika wina. Kafumbata amatha kuonekera pakati pa masiku 3 ndi 21, ndipo amayamba ndi kuuma nsagwada, bala litaoneka ngati lapola. Akakuyezeninso shuga, chifukwa amachedwetsa mabala kupola ndipo ambiri ali naye osadziwa.

Za magolovesi, mayi akunyumba akhoza, koma theka. Achikopa ndi abwino ponyamula matabwa okhala ndi zisonga, malata ndi zitsulo zotentha. Popaka vanishi kapena kugwira thinala pamafunika a labala yotchedwa nitrile, chifukwa ansalu amangomwa mankhwalawo n'kuwasunga pakhungu. Koma pa makina ozungulira, monga sowo yamagetsi kapena diliro, magolovesi avuleni. Makina akakola kansonga ka golovesi amakoka dzanja lonse musanaphethire. Pamenepo chokutetezani ndi kathabwa kokankhira, manja a malaya opinda, ndi magalasi oteteza maso. Ndipo tchizulo chija, ndikukayika ngati thabwa linali lomangidwa pa vayisi, chitsulo chopanira matabwa. Munaligwira ndi dzanja lamanzere kutsogolo kwa mpeni wake, si choncho?