Funsani Tiyankhe: Kodi Cormac wa ku Ireland analowa ufumu wa yani?

FUNSO: Malemu bambo anga anabatizidwa ndi wansembe wochokera ku Ireland yemwe anawapatsa dzina loti Cormac, ngakhale kumudzi aliyense ankangoti a Komaki. Dzinali ndinalipereka kwa mwana wanga wachisamba. Pano ali Fomu 2 ndipo akufuna kudziwa mwini dzina. Bambo ankangoti inali mfumu yomwe inalinso episkopi. Kodi analowa ufumu wa atsibweni ake ngati kwathu kuno? Nanga munthu mmodzi anagwira bwanji ndodo ziwiri?
Wowerenga wathu wa ku Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo mnyamatayo mumuyamikire pofunsa. A Cormac m'mbiri ya Ireland alipo angapo, koma mfumu yomwe inalinso episkopi ndi Cormac mac Cuilennáin. Analamulira chigawo cha Munster, kummwera kwa dzikolo, kuyambira mu 902 mpaka mu 908. Likulu lake linali Cashel, chithanthwe chachikulu chomwe chimaonekera kutali pakati pa chigwa. Kaliwu koti mac kamatanthauza mwana wamwamuna wa uje, choncho dzinalo likuti Cormac mwana wa Cuilennán.

Pamenepo mwaona kale kuti za atsibweni kunalibe. Ine mayi anga ndi Achewa a kwa Mkanda, bambo anga Angoni a kwa Mlonyeni, ndiye ndinakula ndikumva zonse ziwiri: kuchimayi ufumu umatsata mbumba, wolowa ndi mwana wa mlongo wa mfumu, kuchibambo umatsata magazi a abambo. A ku Ireland anali ngati Angoni, ankawerenga mzere wa amuna. Koma musaganize kuti mwana woyamba ankangokhala pampando bambo akatsikira kulichete. Ku Munster ufumu unali m'manja mwa mtundu wotchedwa Eóganachta, womwe unkati unachokera kwa kholo limodzi, Eógan Mór. Mtunduwu unali ndi nthambi zingapo, monga ya ku Cashel komweko, ya ku Glendamain ndi ya ku Áine, ndipo mpando unkachoka nthambi iyi kupita iyo. Ganizani za mabere a pamudzi, bere lalikulu ndi mabere aang'ono, lililonse likudikira nthawi yake. Kusiyana kwake n'koti kumeneko mabere ankawerengedwa kuchimuna, ndipo nthawi zambiri wokhala ndi asilikali ambiri ndiye ankapambana mlandu.

Cormac anali wa nthambi ya ku Cashel, koma wa nyumba yaing'ono ndithu. Bambo ake sanakhalepo pampando. Kuti mupeze mfumu yodziwika m'makolo ake muyenera kubwerera zaka pafupifupi 400, kwa Óengus mac Nad Froích, yemwe anamwalira cha m'ma 490. Za Óengus ameneyu pali nkhani yomwe ndimaikonda: akuti pomubatiza, Patrick Woyera anamulasa phazi mwangozi ndi nsonga ya ndodo yake yaubusa, koma mfumuyo inangopirira osalira, poganiza kuti ndi mmene ubatizo umachitikira.

Nanga munthu wa nyumba yaing'ono, wokhalira mabuku, anafika bwanji pampando? Mfumu yomwe inalipo, Finguine, inachotsedwa ndi abale ake omwe, ndipo mu 902 Cormac ndiye analowa. Akatswiri ena a mbiri amaona kuti nthambi zikuluzikulu zikalephera kumvana zinkatenga munthu wa tchalitchi, amene sakanasiya ana odzalimbirana mpandowo. Ine ndimagwirizana nawo, chifukwa ndinazionapo ndi maso. Ndili mnyamata, kumudzi kwa mayi anga ntchembere zinakhala m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ife tili panja pansi pa mtengo wa mango. Mabere awiri akuluakulu anakanirana. Potuluka, agogo ena anakagwira dzanja la mphunzitsi wofatsa wa bere lachitatu, yemwe anali atakhala kumbuyo kwenikweni pa njerwa. Sanachite kufuna, anthu anamufuna chifukwa palibe ankamuopa. Ku Munster, mfumu kukhalanso mkulu wa mpingo sichinali chachilendo, ndipo Cormac sanali woyamba.

Anali munthu wophunzira zedi. Buku lotchedwa Sanas Cormaic, lomasulira mawu akale ndi ovuta a chinenero cha ku Ireland, limadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Koma ndodo yaufumu inkafuna nkhondo. Mu 907 iye ndi mlangizi wake Flaithbertach mac Inmainén, mkulu wa amonke a pa chilumba cha Inis Cathaig, anagonjetsa Flann Sinna, mfumu yaikulu ya ku Tara, ndipo anatenga anthu a chikole ku chigawo cha Connacht. Chaka chotsatira analunjika ku Leinster, chigawo chomwe mafumu a Munster ankati chiyenera kukhala pansi pawo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza mtima. Mbiri ina yakale, yolembedwa patapita nthawi, imati a ku Leinster anatumiza amithenga kupempha mtendere, ndipo Cormac anafuna kuvomera. Flaithbertach anapsa mtima n'kumunyoza kuti mantha akewo akuonetsa kuchepa kwa mtundu wake, kuti ndi mwana wa obwera. Inu a ku Mchinji mukudziwa mmene liwu limeneli limalasira pabwalo. Munthu yemwe anamulonga ufumu chifukwa nyumba yake inali yaing'ono, tsopano akumutonza ndi nyumba yomweyo. Cormac anapita kunkhondo yomwe mtima wake unkaikana.

Pa 13 Sepitembala 908, pamalo otchedwa Belach Mugna, anakumana ndi magulu atatu pamodzi: la Flann Sinna, la Cerball mac Muirecáin wa ku Leinster ndi la Cathal mac Conchobair wa ku Connacht. Asilikali a Munster anabalalika. Mbiri ija imati hatchi ya Cormac inaterereka pa magazi pokwera kamtunda, iye anagwa chagada n'kuthyoka khosi, adani n'kumudula mutu. Atapita nawo kwa Flann ankayembekezera mphatso, koma Flann anawadzudzula kuti achita choipa, ndipo anaunyamula mutuwo n'kuupsompsona. Anthu anayamba kumulemekeza Cormac ngati woyera, ndipo mwina n'chifukwa chake wansembe uja anasankhira bambo anu dzinali. Flaithbertach anapulumuka, ndipo mu 914 iyeyo ndiye anakhala mfumu ya Munster. Mphamvu za Eóganachta sizinabwererenso mwakale. Zaka za m'ma 900 zisanathe, mpando unali utapita ku mtundu wina, wa mfumu yotchuka Brian Boru.

Chinthu chimodzi mumuchenjeze mnyamatayo. Akafufuza pa intaneti apeza zithunzi za katchalitchi kokongola ka miyala pa thanthwe la Cashel, kotchedwa Cormac's Chapel. Si ka mwini dzina lake. Anakamangitsa ndi Cormac Mac Carthaig, mfumu ina ya mtundu womwewo, ndipo kanadalitsidwa mu 1134, patapita zaka 226 episkopi uja atagwa pa hatchi.