Mwana wanga amangoonera mafilimu akalekale a ku Senegal: adzadya chiyani?

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba motere: "Mwana wanga wamkazi walemba MSCE chaka chino, ndipo masamu amakhoza. Ife timafuna achite za akaunti, koma iye akuti akufuna zopanga mafilimu. Chondidabwitsa n'chakuti zimene anzake amaonera alibe nazo ntchito. Bandulo yonse imathera mafilimu akalekale a ku Senegal, ena akuda ndi oyera, olankhula zilankhulo zimene sitimva. Kodi kumeneku si kutaya nthawi? Nanga adzadya chiyani?"

Mayi, funso lachiwirilo ndi limene likukusowetsani tulo, ndiye ndisakunamizeni: ambiri mwa anthu amene anapanga mafilimu amenewa sanalemere nawo. Koma pa funso loyambalo ndikutsutsani. Achinyamata ambiri amene amabwera kwa ine kudzati akufuna za mafilimu, chimene amafuna n'kuonekera pa TV. Wanuyu akufufuza mmene ntchitoyo inkagwiridwira pamene panalibe ndalama, ndipo amenewo ndiwo maphunziro amene munthu wopanga filimu kuno kwathu akuwasowa.

Ngati ndi za ku Senegal, mosakayika wakumana ndi Ousmane Sembène. Bamboyu anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, sukulu sanapite nayo patali, anakhalako msodzi ndi mmisiri womanga nyumba, kenako n'kukanyamula katundu padoko la Marseille ku France. Anayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa, koma anaona kuti anthu akwawo amene ankawalemba m'mabukumo sangawawerenge. Ali pafupi ndi zaka 40 anapita ku Moscow kukaphunzira zojambula mafilimu, ndipo mu 1963 anatulutsa Borom Sarret, kafilimu ka mphindi pafupifupi 20.

Nkhani yake ndi ya tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo ya hatchi mumzinda wa Dakar. Akunyamula mayi wodwala pakati kupita naye kuchipatala, akunyamula bambo amene wafungatira kamtembo ka mwana wake kupita kumanda, kenako bwana wina wovala bwino akumunyengerera kuti amuperekeze kumayadi kumene ngolo siziloledwa. Wapolisi akulanda ngoloyo, bwana uja akuchoka osalipira, ndipo munthu akubwerera kunyumba wapansi, m'thumba muli mbee. Mulibe mfuti, mulibe galimoto yogubuduzika. Pali ngolo, hatchi, msewu ndi mawu a zimene bamboyo akuganiza mumtima. Wakabaza aliyense wa ku Mchesi angaimve filimu imeneyi osafuna womasulira.

Ina imene ndikukhulupirira kuti ali nayo mufoni ndi Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty, ya mu 1973. Iyi ndiye yosokoneza mutu. Mnyamata woyenda pa njinga yamoto imene waimangirira nyanga za ng'ombe kutsogolo, ndi chibwenzi chake cha kuyunivesite, akufunafuna ndalama zothawira ku Paris. Chithunzi chikuonetsa china, khutu likumva china: ng'ombe zikulira pamene pa sikirini pali anthu, kanyimbo kotamanda Paris kakubwererabwerera mpaka kukwiyitsa. Mambéty sanapite kusukulu ya mafilimu, anachokera ku zisudzo. Filimuyi inakhala zaka zambiri ikudziwika ndi kagulu kochepa ka anthu amene ankaikonda ngati chipembedzo, mpaka mu 2008 pamene bungwe la World Cinema Foundation, limene anayambitsa Martin Scorsese, katswiri wopanga mafilimu wa ku America, linaikonzanso. Lero imaphunzitsidwa m'mayunivesite. Koma Mayi, mverani ichi, ndipo mwana wanunso amve: filimu yaitali yachiwiri ya Mambéty inatuluka mu 1992. Zaka 19 zinadutsa pakati. Kutchuka kwa mtundu umenewu sikulipira lendi.

Kwa mtsikana ngati wanuyu, ine ndikanakonda aonenso za Safi Faye, amene anayamba ngati mphunzitsi n'kukaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku Paris. Mu 1975 anatulutsa Kaddu Beykat, yojambulidwa kumudzi kwawo ku Fad'jal, osewera ake ndi anthu a m'mudzimo. Anasakaniza documentary ndi kankhani ka mnyamata amene akulephera kukwatira chifukwa mtedza, mbewu imene alimi anaikakamira ngati yobweretsa ndalama, sukuwapindulira. Boma la Senegal linayamba lailetsa. Amene anakulira kwa alimi a fodya ku Kasungu kapena ku Dowa saona zachilendo pa madandaulo amene abambo a m'filimuyi akukambirana pansi pa mtengo.

Tsono iwe mwana wanga, ndilankhule nawe. Kuonera kokha si maphunziro. Tenga Borom Sarret, kope ndi cholembera. Ionere koyamba utatseka mawu, uziwerenga kuti chithunzi chasintha kangati ndipo kamera yaima pati nthawi iliyonse. Kachiwiri tembenuza foniyo, umvetsere mawu okha: mapazi a hatchi, kulira kwa mateyala, pamene pali zii. Ukatero tenga foni yomweyo ukajambule mphindi zitatu za munthu mmodzi amene akugwira ntchito yake, kaya agogo akusinja, kaya mayi wokazinga mandasi kuyambira pokanda mpaka pogulitsa loyamba. Ukabwera nazo kunyumba udzapeza kuti zithunzi zili bwinobwino koma mawu amezedwa ndi mphepo ndi wailesi ya aneba. Aliyense amagwa pamenepo. Mafilimu athu ambiri amafera pa mawu, ndipo munthu amene amadziwa kutola mawu oyera sakhala nthawi yaitali osaitanidwa.

Mayi, apa ndiye tafika pa nkhani ya chakudya. Kuno kwathu ndalama za kamera zili kumaukwati ndi kuzinkhoswe, kumavidiyo a oimba ndi makwaya, kumalonda otsatsa pa TV ndi pa Facebook, komanso kumabungwe amene amafuna ma documentary oonetsa ntchito zawo za madzi, ulimi ndi zaumoyo. Si ntchito zonyozeka. Wojambula ukwati amaphunzira kugwira mphindi imene sibwereranso, poti perekaniperekani sangamubwereze chifukwa choti batire linatha. Amene amakhalitsa m'ntchitoyi ndi amene ali ndi luso limodzi logulitsika, monga kuedita, kutola mawu kapena kuyatsa magetsi ojambulira, ndipo filimu yapamtima pawo amaipanga ndi zimene apeza kumeneko. Ndi mmene mafilimu a kuno kwathu ngati Seasons of a Life ya Shemu Joyah amasowera: amatuluka apo ndi apo, patapita zaka.

Masamu akewo musawaone ngati mdani wa mafilimu. Filimu iliyonse imafuna munthu wolemba bajeti, wowerengera masiku ojambula, mafuta a galimoto, chakudya cha anthu 15 kwa sabata ziwiri, ndi wolemba lipoti kwa amene apereka ndalama. Ojambula tili nawo ambiri, koma anthu oterewa ndi osowa. Akachita akaunti kapena bizinesi uku akujambula Loweruka ndi patchuthi, sanataye kanthu. Chimene sindikufuna n'chakuti mumukankhire ku akaunti ngati chilango, chifukwa ana otero ndimawaona akubwerera kunyumba chaka chachiwiri atalephera mayeso.

Akasankha kulowa m'ntchitoyi mwachindunji, njira zilipo. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zisudzo ndi zofalitsa nkhani, ku MUBAS ku Blantyre kuli utolankhani, ndipo Malawi Institute of Journalism imaphunzitsa za wailesi ndi TV. Kuyunivesite za boma pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Ku Lusaka kuli MultiChoice Talent Factory, sukulu yophunzitsa kupanga mafilimu, imene inayamba mu 2018 ndipo imatenga achinyamata ochepa a m'mayiko a kum'mwera kwa Africa. Aziyang'ana chilengezo chawo. AFDA ya ku South Africa ndi sukulu yeniyeni ya mafilimu, koma fizi yake ndi ya ma rand, ndiye musagulitse munda. Kulikonse kumene mungafunse, musakhutire ndi kapepala kotsatsa. Funsani kuti ali ndi makamera angati, makompyuta oeditira angati, ndipo wophunzira wa chaka choyamba amaloledwa kuzigwira kapena amangoziona m'kabati.

Zotsatira za MSCE zisanatuluke muli ndi miyezi ingapo. Panganani kuti pofika tsiku limenelo akhale atamaliza ka documentary ka mphindi zisanu, kojambula yekha, koedita yekha, kokhala ndi mawu omveka, komanso pepala losonyeza ndalama iliyonse imene yalowapo. Mumupezerenso wojambula maukwati wodalirika woti azimunyamulira zingwe Loweruka, ndipo mudziwe kumene akupita ndi nthawi yobwerera. Filimuyo mudzaionere pamodzi pabalaza, bambo ake alipo, kenako mudzanditumizire limodzi ndi pepala la bajetilo.