Pikapu yanga ikumwa dizilo ngati lole: kodi ndi galimoto kapena ndi dalaivala?

Funso: A makaniko, ndinagula Toyota Hilux ya 2.5 D-4D kwa munthu wina ku Lilongwe. Pogulitsa anandiuza kuti lita imodzi imayenda makilomita 14. Koma ndikamutuma mnyamata wanga ku Blantyre ndi katundu, kupita ndi kubwera amamaliza malita 70. Kodi akundibera? — Bambo wa bizinesi ya mbewu, Lilongwe

Bambo, musanamuchotse ntchito mwana wa eni, tiyeni tiwerengetse kaye.

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310. Kupita ndi kubwera ndi 620. Akafikako sangotsitsa katundu pamsewu n'kutembenuka. Amalowa ku Limbe, amaima pa mzere wa galimoto, amasaka wogula. Tiikepo makilomita ena 40. Tikagawa 660 ndi malita 70 aja tikupeza makilomita pafupifupi 9 ndi theka pa lita. Ngati kumbuyoko kumakhala matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye kuti galimotoyo yasenza tani yathunthu, ndipo ngati mnyamatayo phazi lake n'lolemera, chiwerengero chimenechi sichikundidabwitsa ayi. Chili m'munsi pang'ono, inde, koma si umboni wa kuba.

Za 14 zija ziiwaleni. Wogulitsa galimoto satchula tsiku lomwe inamwa kwambiri, amatchula tsiku lomwe anali yekha, kumbuyo kopanda kanthu, akutsetsereka kuchoka ku Dedza. Ngakhale ziwerengero zomwe makampani amalemba m'mabuku amazipeza poyesa galimoto mwadongosolo lawo, yopanda katundu, yopanda fumbi ndi maenje athuwa. Mapikapu a injini ya 2.5 kapena 2.4 omwe ine ndimawagwira, akakhala abwinobwino, pa ulendo wautali opanda katundu amayenda makilomita 11 mpaka 13 pa lita. M'tauni amatsikira pa 9 kapena 10. Mukasenzetsa, chotsanipo ena.

Choti muchite ndi ichi, ndipo muchite nokha. Pitani pomwetsera mafuta, awuzeni athire mpaka pampu idule yokha, asawonjezere za “tidzadzitse kukamwa”. Bwezani mita ya ulendo pa ziro. Kwerani nawo ulendowo, katundu yemweyo, msewu womwewo. Mukabwerako mudzaze pa pampu yomweyo, mugawe makilomita ndi malita omwe alowa. Chitani kawiri kapena katatu. Mukapeza kuti muli momwemo imayenda 11 koma akapita yekha imayenda 9, pamenepo mwapeza poyambira kucheza naye. Komabe kumbukirani kuti dalaivala akakhala ndi bwana pambali sathamanga, ndipo saima kunyamula matola pa Tsangano. Mafuta amatha m'njira zambiri, si onse amatulukira m'chigubu.

Singano ya mafuta musaikhulupirire poyeza. Thanki ya Hilux imeneyi ndi ya malita pafupifupi 80, koma si bokosi lofanana pamwamba ndi pansi. Singano imachedwa kuchoka pa F, ikafika pakati n'kuyamba kuthamanga. Manambala omwe mapikapu atsopano amaonetsa pa dashibodi nawonso nthawi zambiri amakometsa nkhani.

Funso: Kodi kuthamanga kumasinthadi kanthu? Ine ndimaona ngati ukafika msanga ndiye kuti injini yagwira ntchito nthawi yochepa. — Mnyamata woyendetsa D-Max, Mzuzu

Achimwene, maganizo amenewa ndi omwe amalemeretsa eni malo omwetsera mafuta. Pikapu ndi yaitali ndipo kutsogolo kwake n'kwakukulu, ndiye imalimbana ndi mphepo ngati munthu wonyamula chitseko. Mphepoyo sikula molingana ndi liwiro, imakula mopitirira. Mukachoka pa 100 kufika pa 120, liwiro lakwera ndi magawo 20 pa 100 alionse, koma kukankha kwa mphepo kwakwera ndi magawo 44. Injini imalipira zimenezo ndi dizilo. Pakati pa 80 ndi 95, mu giya yomaliza, m'pamene mapikapu ambiri amamwa mwaulemu. Ndipo ngati mwamanga katundu kupitirira denga, kapena mwaika zitsulo zonyamulira pamwamba zomwe zimangoyenda zopanda kanthu chaka chonse, mwaikuliranso chitseko chija.

Funso: Ndinaika matayala akuluakulu a m'matope kuti ndizifika kumunda nthawi ya dzinja. Chiyambireni mafuta sakuchedwa kutha. — Mlimi wa fodya, Kasungu

Apa pali zinthu ziwiri, bambo, china chenicheni, china chongonamiza maso. Chenicheni n'chakuti tayala la mano akuluakulu ndi lolemera ndipo limakakamira pa tala, choncho injini imavutika kulizunguza. Chonamiza maso n'chakuti mita ya makilomita imawerenga kuzungulira kwa tayala, ndipo tayala lalikulu limazungulira kochepa pa mtunda womwewo. Mwachitsanzo, mukachotsa 265/65 R17 n'kuika 265/70 R17, tayala lakula ndi magawo pafupifupi atatu ndi theka pa 100. Mukayenda makilomita 100 enieni, mita ilemba 97 yokha, ndiye powerengetsa muziona ngati galimoto yamwa kuposa mmene yamwera.

Onaninso mpweya. Ambiri amapungula mpweya kuti adutse pamchenga kapena pamatope, akafika pa tala n'kuiwala. Mlingo woyenera unalembedwa pa kapepala ka pa felemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo pali wa galimoto yopanda katundu ndi wa yosenza. Ngati pikapu yanu ndi ya mahabu (maloko a pakati pa matayala a kutsogolo) otseka ndi dzanja, monga Land Cruiser ndi ma Hilux akale, mukatuluka m'matope abwezeni pa FREE. Mukawasiya pa LOCK ndiye kuti mukuzunguza zitsulo zonse za kutsogolo popanda chifukwa.

Funso: Potsika chitunda ndimaika pa fili (kuchotsa mu giya) kuti ndisunge mafuta. Anzanga akuti n'zoopsa. — Dalaivala wa bungwe lina, Karonga

Anzanuwo akukufunirani moyo. Pa injini za masiku ano, za common rail (zomwe kompyuta imawongolera kathiridwe ka dizilo) monga D-4D, mukachotsa phazi pa moto galimoto ili mu giya ikutsika, kompyuta imatseka mafuta. Matayala ndi omwe amazunguza injini. Mukaika pa fili, injini iyenera kumwa kuti isazime. Ndiye simukusunga kalikonse. Chomwe mukuchita ndi kusiyira mabuleki okha ntchito yonse, ndipo pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere mabuleki akatentha sachenjeza kawiri. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera.

Funso: Yanga inkayenda 12, pano ikuyenda 8, ndipo ndikaponda imatulutsa utsi wakuda. Wina wandiuza kuti ndigule ma injector (tizitsulo topopera dizilo mu injini) atsopano. — Mayi wa sitolo, Balaka

Mayi, musayambe ndi chodula. Utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya womuwotcha, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala mpweya kuchepa, osati mafuta kuchuluka. Tsegulani fyuluta ya mpweya. Ndi fumbi la ku Balaka m'mwezi wa Okutobala, fyuluta imatsekeka isanakwane nthawi ya sevisi yomwe buku linalemba. Kenaka makaniko aone mapaipi a mpweya ochoka ku turbo, yomwe imaukankhira mu injini, kupita ku intercooler, yomwe imauziziritsa. Likang'ambika limodzi mumamva kulira kwa mpweya mukaponda, ndipo pong'ambikapo pamakhala ponyowa ndi oilo. Aonenso valavu ya EGR, yomwe imabweza utsi wina mu injini, ngati yamatirira ndi mwaye. Mukayenda kamtunda, yandikizani dzanja pa limu iliyonse: ikatentha imodzi kuposa zinzake, mabuleki akugwira okha, ndipo galimoto ikukoka chinthu chomwe simunachikweze.

Pali chinanso chomwe chimandipweteka mtima. Amakaniko anzanga ena galimoto ikangotentha amathamangira kuchotsa thermostat, chitsulo chowongolera kutentha kwa injini, amvekere “kuno n'kotentha, imeneyi ndi ya kwa azungu”. Injini ya dizilo imafuna kufika pa kutentha kwake, madigiri 80 ndi kupitirirapo, kuti iwotche mafuta bwino. Yopanda thermostat imachedwa kufunda, m'mamawa wa mu Juni mwina osafunda n'komwe, ndipo nthawi yonseyo imamwa mowonjeza ndi kudzidya m'kati. Ngati singano ya kutentha sifika pamalo pake mutayenda mphindi 15, funsani ngati chitsulocho chilimo.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene tifike ku ma injector, ndipo akawayeze pa makina musanagule. Ndikufunseninso mayi: nthawi ija mafuta ankasowa, simunathireko a m'zigubu? Dizilo wa m'mbali mwa msewu amabwera ndi madzi, fumbi, nthawi zina palafini. Ma Hilux akale a injini ya 3L ndi 5L ankapirira zimenezi. Common rail imapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndipo pampu yake imadalira dizilo yemweyo kuti isakhulane. Palafini alibe kuterera kokwanira. Kagetsi ka madzi kakayaka pa dashibodi, imani, mutsegule kampopi ka pansi pa fyuluta ya mafuta madziwo atuluke.

Funso: Ndikufuna kugula pikapu ya dizilo yochokera ku UK, yongopitira ku ntchito ndi kukasiya ana ku sukulu. Ndimva kuti dizilo samwa. — Mphunzitsi, Zomba

N'zoona kuti lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa ya petulo, ndipo pikapu ya dizilo imamwa pang'ono mukaiyerekeza ndi pikapu inzake ya petulo. Koma pikapu yopanda kanthu imalemera pafupifupi matani awiri. Kagalimoto kakang'ono ka petulo kadzaiposa kutali pa maulendo a m'tauni. Komanso zambiri zochokera ku UK zimakhala ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, yomwe imadziyeretsa pothira mafuta owonjezera galimoto ikatentha pa ulendo wautali. Pa makilomita asanu a kunyumba ndi kusukulu siimaliza kudziyeretsa, imatsekeka, ndipo dizilo wina amatsikira mu oilo. Ngati kulibe munda kapena katundu woti muzinyamula sabata ndi sabata, aphunzitsi, pikapuyo asiyireni a ku Kasungu aja.