Kwa msuweni, za mapaleti aja

Halo... ikujambula? Eya. Msuweni, funso lako la m'mawa lija ndaliona. Wati mapaleti akale, timathandala ta matabwa tosanjikirapo katundu tija, angatuluke tebulo la kompyuta loika mu kaofesi kako ka ku Matundo, komanso vanishi wabwino ndi uti. Vanishi! Iweyo? Munthu woti hamala umaigwira kumutu, lero ukufunsa za vanishi pagulu la banja lonse. Chabwino, ndiyankha, anganene kuti wa ku Moatize uja amanyada.

Mapaleti amatheka, inde. Shelefu ya mabuku ya pabalaza panga ija, ndi kabenchi kamene unakhalira pa Khirisimasi n'kumadandaula kuti kakukanda, zonsezo ndi mapaleti. Koma usamangotola. Uyang'ane m'mbali, pa kachipika kaja, pamakhala chidindo chootcha. Ukaona HT, ndiye kuti anawatenthetsa kuti tizilombo tife, madigiri 56 mpaka m'kati mwa thabwa kwa mphindi 30, amenewo tenga. Ukaona MB, asiye pomwepo. Amenewo anawafukiza mankhwala a poizoni, si oikapo mbale ya nsima kapena kugonekapo mwana. Ndiye ununkhizenso. Kuno amabwera ambiri ndi mathiraki a ku Beira, ena ananyamula madiramu a oilo, ena feteleza. Akakhala ndi mawanga akuda onona, ngakhale upale bwanji, dzuwa likatentha fungo limabwerera.

O, ndisanaiwale. Wina akakutsatsa zipika zakale za njanji kuti n'zolimba, usalole. N'zolimbadi, koma zambiri anazinyika m'mankhwala akuda aja onunkha phula. Kunja pa mpanda zili bwino, m'nyumba ayi, makamaka kachipinda kako kopanda windo kaja.

Vuto la mapaleti ndi misomali. Imakhala yopotana, siizuka mwaulemu, ukalimbana nayo thabwa limang'aluka kumapeto. Ine ndimangodula ndi macheka pafupi ndi chipika, kumapetoko n'kutaya. Paleti yambiri ndi ya 120 kwa 100, kapena 120 kwa 80, masentimita, ndiye ukadula choncho umatsala ndi timatabwa tatifupi. Ta shelefu tili bwino. Koma pamwamba pa tebulo, eee, ulumikiza mpaka utatopa. Komanso ambiri ndi a paini, wofewa, ukalemba pa pepala limodzi ndi bolopeni zilembo zimatsala pa thabwa. Ndiye kutentha kwa ku Tete ukukudziwa, Okutobala uno tikupitirira madigiri 40. Thabwa likabwera ndi chinyontho iwe n'kukhoma tsiku lomwelo, pakatha mwezi mipata yake mugwera makobidi a makasitomala ako. Umayamba waliunjika pamthunzi, timitengo pakatipakati kuti mphepo izidutsa, masabata awiri kapena atatu.

Dikira... iwe, tseka geti, mbuzi zilowa! Pepa. Ndimati chiyani? Eya, matabwa.

Ukudziwa amene ankawadziwa matabwa? Malemu amalume. Bambo ako aakulu, ndikunena a ku Dómuè, osati enawa. Iwo sanali kalipentala ayi, koma thabwa ankangoligogoda ndi chala n'kukuuza kuti ili ndi mlombwa, ili ndi mbawa, ili ndi bulugamu wongopaka utoto. Ndiye nkhani ya chitseko ija iwe umaimva theka, chifukwa unali usanabadwe. Ayi, unali kumsana. Ayi dikira, amene anali kumsana ndi mkulu wako, iwe kunalibe.

Chitseko chimenecho anawapangira mkulu wina wophunzira za matabwa ku mishoni ya ku Lifidzi, analipira mbuzi. Usiku wothawa nkhondo uja, anthu akumanga ufa, mabulangete, mapoto, iwo ali kalikiliki kumasula mahinji ndi mpeni. Agogo akulira kuti mwana iwe tifera chitseko? Iwo akuti nyumba akaotche, koma ichi ayi. Anachisenza pamutu mpaka kuwoloka malire. Munthu wamtali uja, chitseko pamutu, mumdima, akakhota icho n'kukola mu nthambi, onse kumbuyo kuima. Amayi mpaka lero akafika pamenepo amaseka mpaka misozi, koma akuti tsikulo panalibe woseka.

Tsono kutsidya kuja tinafikira m'kanyumba ka udzu, khomo lake lolowa chowerama. Chitseko sichikanalowa n'komwe. Anthu a m'mudzimo anawapatsa dzina, ankati a Chitseko-chopanda-nyumba. Iwo osadandaula. Usiku ankachiika pa njerwa n'kugonapo, akuti utitiri sukwera mlombwa, bodza lenileni. Kukacha n'kuchisenzanso kupita nacho pamsika pa Lizulu, paja msewu ndiwo malire, uku Malawi uku kwathu, n'kuyalapo kachewere m'milumilu. Ngongole ankalemba pomwepo. Ukachitembenuza kumbuyo, pafupi ndi thabwa lopingasa la m'munsi, pali timizere ta mpeni, tinayitinayi kenako kamodzi kodutsa. Mzere umodzi wautali kwambiri ndi wa mphunzitsi wina amene sanabweze mpaka tinachoka. Amalume ankati akamuona akubwera, amayala thumba pamwamba pa mizereyo kuti asachite manyazi, n'kumupatsanso wina. Ndipo pakona pali chipsera chakuda chozungulira, kukula kwake ngati pansi pa kapu. Ndi koloboyi ameneyo, anagwa usiku umene azakhali ako aang'ono ankachira, chifukwa anamwino a m'mudzi anafuna poika zinthu pokwera.

Nkhondo itatha mu 1992 iwo sanathamange, anati tione kaye ngati n'zoona. Tinabwerera 1994. Pa lole yobwerera ija anakangana ndi wolembera, akuti katundu wakula, iwo akuti ndiye ine nditsale, chitseko chikwere. Anakwera onse awiri. Kufika kumudzi, nyumba kulibe, kwangotsala chulu ndi mango aja. Anayamba kuimika mafelemu, kupachika chitseko, kenako n'kumaumba njerwa mozungulira. Sabata yathunthu chitseko chili chiimire pabwalo, ndipo madzulo ankachitseka ndi loko. Ndi loko, msuweni! Mbuzi zikudutsa mbali zonse.

Hee... amalume aja.

Tsono tamvera. Iwe sukufuna mapaleti. Mapaleti ali mbwee pafupi ndi iwe pomwepo, ukanangotuma mnyamata wa njinga osafunsa munthu. Iwe unapita kumudzi pa chiliza paja, unaona chitseko chija chili m'khitchini mwa amayi kuseri kwa matumba a chimanga kuyambira pamene anaika cha chitsulo, ndipo unachiyeza ndi dzanja, mlamu wako anakuona. Ukufuna ndikakupemphere kwa azakhali ako, koma ukuopa kuti akulu ako ati mwana wamng'ono walumpha mzere. Ndiye wazungulira mpaka ku vanishi.

Ndikakupemphera. Chikungodyedwa utsi pamene chili paja, ndipo mwa tonsefe amene ali ndi poti chikagwire ntchito ndiwe. Koma pali mawu amodzi: osachidula. Ndikudziwa kuti kachipinda kako n'kakang'ono, chitseko ndi pafupifupi mamita awiri, ndipo kalipentala aliyense amene ungamuitane anena kuti tidule pang'ono kunoku, tipale pamakina chiwale. Akangopala, mizere ija yapita, koloboyi uja wapita, watsala ndi thabwa lofiira loti ukanagula pamsika wa Kwachena. Sunthira fotokope yako kukhoma linalo, chikwana.

Ntchito yake si yambiri. Kuchitsuka ndi nsanza yonyowa ndi sopo pang'ono, osachithira madzi. Chiume pamthunzi. Mbali ija ya penti wobiriwira usaikwecheze youma, mapenti akale ena anali ndi mtovu, fumbi lake si labwino, makamaka uli ndi kamwana kokwawa. Imeneyo ndidzaiona ndekha. Mbali ya mizere ndi imene iyang'ane kumwamba, tingoipukuta ndi sandipepa wosalala, wa 220, mopepuka, ndi dzanja. Thabwa lopingasalo lisakudetse nkhawa, limenelo likhala malire, uku kompyuta uku mapepala. Ukafuna posalala polembera, tidulitsa galasi loika pakati. Mlombwa ubwino wake suvuta, sukonda kupindika kapena kufota ngakhale uchoke kozizira ku Angónia kubwera kung'anjo kuno, ndipo chiswe chimaulemekeza. Ku Tete amautcha umbila, ukamafunsa mitengo yake udzamva wekha chifukwa chake amalume anakana kuusiya.

Miyendo ndiye tipange ya mapaleti ako aja, uone kuti funso lako silinapite pachabe. Timiyendo tiwiri totambalala pansi, chitseko n'kungokhala pamwamba, kutalika masentimita 75 kuchokera pansi. Kwa iwe mwina 70, paja unatengera agogo aakazi. Sitiboola chitseko, tiika timatabwa totchinga m'mbali kuti chisatsetsereke, tsiku lina ukadzasamuka umangonyamula. Pansi pa miyendo timaduladula ta tayala, chifukwa ukamakolopa madzi asamakwere mu paini.

Vanishi, poti unafunsa: wosawala, woonekera m'kati, kawiri, mopyapyala, upake m'mawa kusanatenthe chifukwa masana amauma burashi ili m'manja. Ine ndikanakonda mafuta a linseed, amautulutsa bwino mlombwa, koma nsanza zake ukazisiya mulu zimatha kuyaka zokha, ndiye uziviike m'madzi ukamaliza. Oilo wakuda wa galimoto amene anthu amapaka pa mitengo ya khola, usayerekeze.

Ndiye ndabwereza, kuti aliyense pagulu pano amve, ndi inu akulu amene mumangowerenga osayankha: chitseko chipite kwa mwanayu, chikhale chathunthu. Amene ali ndi mawu alankhule lero, osati chikadzakwera shapa, minibasi ija. Amayi ndiwaimbira ndekha madzulo, paja mavoisi samvera pokhapokha mdzukulu awatsegulire, ndipo akayamba kukana ndikudziwa pogwira, ndingowakumbutsa za loko uja.

Iwe chako n'chimodzi. Tenga tepi, osati dzanja, uyeze khoma la kumanzere ukalowa, ndi khomo lomwe, unditumizire manambala. Ndipo macheka asayandikire, wamva? Ukadula ndidzadziwa, mizere ya mphunzitsi uja ndinaiwerenga. Ya shapa kuchokera ku Ulónguè ulipira ndiwe, ndipo akakuuza kuti chitseko chilipira mpando wa munthu usakangane nawo, ungolipira.