App yokha singapulumutse anthu pangozi zogwa mwadzidzidzi

Achimwene, mwafunsa ngati app ya pa foni ingathetse vuto loti machenjezo a madzi osefukira, namondwe kapena moto wolusa amafika kwa anthu mochedwa. Ine ndikuti app ibwere kumapeto kwenikweni. Munthu ayenera kukhala ndi foni yamakono, aidawunilode, akhale ndi bandulo, komanso asaizimitse. Amene ngozi zimawapeza msanga kawirikawiri ndi omwe alibe zonsezo.

Pa foni, njira yodalirika ndi imene amaitcha cell broadcast. SMS imapita kwa munthu mmodzimmodzi pa nambala yake, ndiye anthu akakhala mamiliyoni mauthenga amaima pamzere, ena n'kulandira madzi atalowa kale m'nyumba. Cell broadcast imachokera pa nsanja ya netiweki n'kugwera mafoni onse a m'dera la nsanjayo nthawi imodzi, kaya ndi a eni mudzi kaya a alendo ongodutsa. Sifuna nambala, sifuna bandulo, ndipo mafoni ambiri amalira mokweza ngakhale eni ake atazimitsa kulira. Dziko la Germany linalibe njirayi pomwe madzi anapha anthu oposa 180 mu Julayi 2021, ambiri a iwo m'chigwa cha mtsinje wa Ahr. Anadzaiyambitsa mu Febuluwale 2023, maliro atachitika kale.

Komabe makina akhalepo, funso lalikulu ndi lakuti amene aloleze kuti uthengawo upite ndani. Apa ndiye pamafera anthu. Ku Valencia, m'dziko la Spain, pa 29 Okutobala 2024, a zanyengo anatulutsa chenjezo lapamwamba kwambiri m'mawa. Uthenga wopita m'mafoni a anthu unatumizidwa itadutsa 8 koloko usiku, pomwe ena anali atakwera kale pamadenga a galimoto. Anthu oposa 220 anamwalira. Makina analipo, akugwira ntchito bwinobwino, koma akuluakulu anali akukambiranabe. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti malire aziikidwa kusanagwe kanthu: madzi mumtsinje akafika pa mzere wakutiwakuti, wogwira ntchito amene ali pa mpando usiku umenewo atumize uthenga, osadikira nduna kapena bwana amene foni yake sikupezeka. Ndipo lamulo limuteteze ngati ngoziyo itapanda kufika, apo ayi aliyense azingoponyera mnzake poopa kuchotsedwa ntchito.

Kulakwitsa kumachitika ndithu. Ku Hawaii, m'dziko la America, pa 13 Januwale 2018 anthu analandira uthenga woti mzinga ukubwera, abisale. Unali wabodza, ndipo panadutsa mphindi 38 uthenga wotsutsa usanafike m'mafoni. Choncho mauthenga onse, ngakhale wonena kuti "pepani, palibe ngozi", azilembedweratu n'kungodikira kudzaza dzina la malo ndi nthawi.

Nanga uthengawo ukunena chiyani? Mukandiuza kuti kugwa mvula ya mamilimita 150, ine ndichite nawo chiyani mamilimitawo? Yerekezani ndi uwu: "Mtsinje wakuti usefukira usiku uno. Nonse okhala m'mbali mwake chokani 6 koloko isanakwane, pitani kusukulu yakuti ya kumtunda. Musawoloke mlatho." Wachiwiriwu wanena ngoziyo, malo, nthawi, ndi chochita. Ukhale m'chiyankhulo chimene anthu a m'deralo amayankhula pakhomo pawo, unenenso kuti wachokera kwa yani, poti mphekesera za pa WhatsApp zimathamanga kuposa chikalata cha boma.

Sayirini nayo ili ndi malire ake. Imangokuuza kuti kwaopsa, siikuuza kothawira. Moto utawononga tauni ya Lahaina pa chilumba cha Maui ku Hawaii komweko mu Ogasiti 2023, n'kupha anthu pafupifupi 100, masayirini sanalizidwe. Mkulu woona za ngozi anati ankaopa kuti anthu aganiza kuti ndi tsunami, mafunde aakulu ochokera m'nyanja, n'kuthamangira kumtunda, komwe kunali motowo. Kaya mfundoyo mukuivomereza kaya ayi, ikuonetsa kuti sayirini iyenera kuyendera limodzi ndi mawu a pa wailesi kapena pa foni.

Ndipo magetsi akathima, nsanja zagwa, otsala ndi anthu. Apa Bangladesh ndi wotiphunzitsa tonse. Namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000 kumeneko. Mu 1972 kunayamba pulogalamu yokonzekera anamondwe, yomwe boma limayendetsa pamodzi ndi bungwe la Red Crescent. Anthu ongodzipereka masauzande ambiri amayenda m'midzi ndi zimkuzamawu, amakweza mbendera zosonyeza kukula kwa ngozi, amagogoda khomo ndi khomo, n'kunyamula okalamba ndi olumala kupita nawo kumalo obisalako omangidwa pamwamba. Namondwe Amphan atabwera mu 2020, anthu oposa 2 miliyoni anasamutsidwa, ndipo omwalira m'dzikolo anali makumi ochepa chabe. Taonani kuti malo othawirawo anamangidwa kale. Kuuza munthu kuti asamuke pomwe alibe kopita, kapena akuopa kuti katundu ndi ziweto zake zibedwa, n'kutaya mawu.

Bungwe la United Nations linalengeza mu 2022 kuti likufuna munthu aliyense padziko azifikiridwa ndi machenjezo pofika kumapeto kwa 2027. Ndalama zikabwera, ndingakonde zisathere pa makompyuta a kulikulu. Zina zigule mabatire a nsanja za netiweki, zida zoyezera madzi m'mitsinje ndi zimkuzamawu, ndipo kamodzi pachaka pakhale tsiku loyeserera lomwe lalengezedweratu, kenako n'kufunsa anthu kuti amene sanalandire uthenga ndani komanso chifukwa chiyani. Kulira kwadzidzidzi kwa foni kuja kusungidwire ngozi zoika moyo pachiswe basi. Mukayamba kutumizirapo zilengezo za misonkhano, anthu adzapeza pozimitsira.