Pa jimu simutopa, koma mu ringi mpweya ukutha raundi yachiwiri: vuto lili pati?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata amene wangoyamba kumene mipikisano ya nkhonya. Mwachidule akuti: "Ndimathamanga m'mawa uliwonse, ndipo pa jimu ndimamenyana ndi anzanga maraundi ambiri osatopa. Koma pa mpikisano wanga woyamba, wa maraundi atatu okha, raundi yachiwiri isanathe manja anali atalemera, ndikupuma wefuwefu. Ndinagonja kwa munthu amene ndikuona kuti ndimamuposa. Panopa manyazi akundiletsa kubwerera ku jimu. Kodi ndiwonjezere kuthamanga?"

Achimwene, kuthamanga musawonjezere kaye. Mphamvu munali nazo, koma zinathera pa zinthu zina nkhonya zisanafike pachimake.

Munthu akamayembekezera ndewu, thupi limatulutsa adrenaline, timadzi timene timakonzekeretsa thupi kumenya kapena kuthawa. Mtima umayamba kugunda thithithi muli m'chipinda chovalira, akumanga mabandeji m'manja, mdani wanu musanamuone n'komwe. Ngati mwadikira ola lathunthu muli choncho, mumakwera mu ringi mutayamba kale kutopa. Belu likalira, mantha aja amalowa m'minofu. Mapewa amakwera mpaka m'makutu, zibakera mumazifumbata zolimba m'kati mwa magolovesi nthawi yonse, nsagwada zili gwaa, ndipo mukamaponya nkhonya zotsatizana mumagwira mpweya osadziwa. Mnofu womangika umadya mphamvu ngakhale simukumenya. Katswiri amasiya dzanja lofewa, n'kulifumbata pokhapokha nkhonya ikamafika pa munthu, ndipo amatulutsa mpweya pa nkhonya iliyonse. Phokoso lija la "tsi, tsi" limene mumamva akamamenya thumba si matama ayi.

Palinso kayendedwe ka mphamvu m'thupi. Nkhokwe imene minofu imatapamo mukamenya ndi mphamvu zanu zonse imatha m'masekondi pafupifupi 10, ndipo mphindi imodzi yopumira pakati pa maraundi siyokwanira kuidzazanso yonse. Ndiye mukayamba raundi yoyamba mwaukali, mukufuna kugwetsa munthu nthawi yomweyo, mwatenga ngongole imene mudzabweze raundi yachiwiri. Nkhonya yophonya imatopetsa kwambiri, chifukwa thupi liyenera kuigwira lokha ndi kuibweza.

Izi sizichitikira oyamba kumene okha. Pa 30 October 1974 ku Kinshasa, George Foreman anali ndi zaka 25, asanagonjepo, ndipo ambiri ankayembekezera kuti apambana. Muhammad Ali anatsamira zingwe, atadziphimba, n'kumulola kuponya nkhonya zolemera raundi ndi raundi. Pofika raundi ya 8 manja a Foreman anali atatheratu, ndipo Ali anamugwetsa. Palibe amene anganene kuti Foreman sanakonzekere. Anangomwaza mphamvu zake pa liwiro limene mnzake anamusankhira.

Za pa jimu zisakunamizeni. Anzanu mumawadziwa, mumadziwa nkhonya imene amakonda, ndipo nonse mumagwirizana chamumtima za nthawi yopumira ngakhale simunauzane. Mlendo sakupatsani mpata umenewo. Simunanene ngati munachepetsa thupi kuti mukwane pa sikelo yoyezera kulemera kwa omenyana mpikisano usanachitike; ngati munadzimana madzi masiku omaliza, chimenechonso chinakudyani, chifukwa thupi lopanda madzi okwanira limapangitsa mtima kugwira ntchito yowirikiza.

Tsono za kugonja. Choyamba ndi mutu wanu weniweniwo. Ngati munagwetsedwa, kapena mutu ukupweteka, mukuona chizungulire, mukuiwala zina za ndewuyo, kaonaneni ndi dokotala ndipo musalandire nkhonya mpaka atakulolani. Mabungwe ambiri a nkhonya amaimitsa munthu wokomoledwa masiku 30 kapena kuposerapo, ndipo lamulo limeneli si lochita nalo makani.

Ngati mutu uli bwino, pumulani masiku ochepa kenako bwererani. Manyazi amakula mukamakhala kunyumba, ndipo ambiri mwa amene mukuwaopa pa jimupo anagonjapo, ena moipa kuposa inu. Ngati wina anajambula vidiyo, khalani pansi ndi kochi wanu muionere kawiri. Ulendo woyamba ndi wopweteka basi, simuphunzirapo kanthu. Wachiwiri musayang'ane mdani, yang'anani mapewa anu ndi pakamwa panu. Werengani nkhonya zimene munaphonya mphindi yoyamba. Pezani sekondi imene manja anayamba kutsika, ndi zimene munachita masekondi 20 zimenezo zisanachitike. Mukatero, "ndinagonja" amasanduka kanthu kakang'ono koti mungakonze.

Anthony Joshua ndi chitsanzo chimene ndimachikonda pa mbali imeneyi. Mu June 2019 ku New York, Andy Ruiz anamugwetsa kangapo, ndewu n'kuimitsidwa raundi ya 7. Mu December chaka chomwecho ku Saudi Arabia, atakumananso ndi Ruiz, Joshua anabwera atachepetsako thupi, anamenyera patali, osalimbana ndi zogwetsana, ndipo anapambana pa mapointi atamaliza maraundi onse 12. Ena anadandaula kuti ndewuyo sinali yosangalatsa. Kwa ine ndi imene inaonetsa munthu amene anaonera vidiyo yake moona mtima.

Pa zoyeserera zanu, sinthani mtundu wake, osati kuchuluka. Pemphani kochi akupezereni anthu a ku jimu ina amene simukuwadziwa, mumenyane anthu akuonerera, ndi belu komanso woimbira, maraundi atatu a mphindi zitatu monga pa mpikisano. M'malo mwa ena mwa maulendo anu othamanga mtunda wautali, ikani othamanga mwaliwiro kwa masekondi 30, kupuma pang'ono, n'kubwerezanso. Tsiku la ndewu tenthetsani thupi mpaka thukuta lituluke musanakwere, ndipo pa ngodya, kochi asanayambe kulankhula, kokani mpweya wautali katatu mpaka m'mimba. Mpikisano wachiwiri musauchedwetse kwambiri, chifukwa mantha a ringi amachepa pokwera ringi kawirikawiri. Ndipo raundi yoyamba ya ulendo umenewo, mphindi yoyamba muigwiritse ntchito pomuyeza mnzanuyo ndi dzanja lakutsogolo lokha.