Mayi opita ku London afunsa za tchalitchi cha St Paul's

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a mpingo wa Anglican. Akupita ku London kukaona mwana wawo wamkazi yemwe ndi namwino kumeneko, ndipo tsiku loyenda mumzinda ali nalo limodzi lokha. Mawondo amawavuta. Akufunsa ngati nkoyenera kulipira ndalama kuti alowe mu St Paul's, komanso ngati manda a David Livingstone ali momwemo.

Mayi, ndiyambe ndi za Livingstone. Sagona mu St Paul's ayi. Thupi lake linaikidwa ku Westminster Abbey mu 1874, pomwe mtima wake unakwiriridwa kwa Chitambo ku Zambia komwe anamwalirira mu 1873. Westminster Abbey ndi tchalitchi china, chili pafupi ndi nyumba ya malamulo. Ambiri amasokoneza ziwirizi.

Tsopano za St Paul's. Olowa kukacheza amalipira, ndipo mtengo wake si wochepa mukauwerengera mu makwacha. Koma olowa kukapemphera salipira kanthu. Apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino. Masiku a pakati pa sabata, nthawi ya 5 koloko madzulo, kumakhala mapemphero otchedwa Evensong. Mukafika pakhomo mungonena kuti mwabwera kudzapemphera, akulowetsani. Inu amene munakulira mu Anglican simudzasochera: masalimo, nyimbo ya Maria, nyimbo ya Simeoni, zonse ndi zomwe mumazidziwa kwathu, kungoti zili m'Chingerezi.

Ine ndinakhala pansi pa denga lalikulu lozungulira la tchalitchichi tsiku lina m'nyengo yozizira, jekete ndili chivalire. Kwaya itayamba, mawu a ana aja anakwera m'mwamba n'kuchedwa kubwerera, moti akatha mzere umodzi mumamvabe mchira wake wina utayamba kale. Pafupi nane panali agogo ena atagwira kabuku ka mapemphero kothothoka m'mbali, milomo ikutsatira mawu onse osayang'ana n'komwe m'bukumo. Zithunzi saloleza nthawi ya mapemphero, ndipo ndinaona kuti n'zabwino. Foni m'thumba, mtima pamalo.

Nyumbayi inamangidwa chifukwa cha moto. Mu 1666 moto waukulu unapsereza mbali yaikulu ya London pamodzi ndi tchalitchi chakale chomwe chinali pamalopo. Christopher Wren ndiye anajambula chatsopanochi, ntchito inayamba mu 1675 n'kutha cha m'ma 1710. Kuchokera pansi kufika pa mtanda wa pamwamba ndi mamita 111. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, usiku wa 29 December 1940, mabomba anayatsa nyumba zozungulira koma icho chinatsala chili chiimire mu utsi. Ukwati wa Charles, wa banja lachifumu la ku Britain, ndi Diana mu 1981 unachitikiranso momwemu.

Za mawondo, ndikuuzeni mosabisa. Gawo lalikulu la tikiti ija ndi kukwera pamwamba, ndipo masitepe okafika pa khonde la pamwamba penipeni ndi 528, ena opapatiza ozungulira ngati chigoba cha nkhono. Chikepe chokafika kumeneko kulibe. Musadzizunze. Chimene mungachiphonye mukapanda kugula tikiti ndi chipinda cha pansi, komwe kuli manda a akuluakulu a nkhondo a ku Britain, Nelson ndi Wellington, komanso a Wren mwini wake. Pa manda a Wren panalembedwa m'Chilatini mawu ouza wowerenga kuti ngati akufuna chikumbutso cha munthuyu, angoyang'ana momuzungulira. Ngati mbiri imakukokani mtima, lipirani, mupite m'mawa. Lamulungu ndi tsiku la mapemphero okha, ocheza saloledwa.

Ndikanakhala inu, masana ndikanapita ku Westminster Abbey kukaima pa mwala wa Livingstone, kenako n'kupuma. Cha m'ma 4 koloko mwana wanu akukwezeni sitima ya pansi pa nthaka, ya Central line, mukatsike pa siteshoni ya St Paul's. Mukatuluka ndi kuyenda pang'ono chabe. Fikani msanga kuti mupeze mpando wa kutsogolo, ndipo mutenge shawelo, m'katimo mumazizira.